Kulumikiza VM ku netiweki ya m'nyumba kapena ya mu ofesi pa Bridged Adapter

Funso limeneli limabwera semesita iliyonse, makamaka ophunzira a kompyuta a ku Chanco akayamba mapulojekiti: "Ndaika Ubuntu mu VirtualBox, intaneti ikugwira bwinobwino, koma webusayiti yanga sikutseguka pa foni ngakhale pa laputopu ya mnzanga. Ndasintha kupita ku Bridged, pano ndi intaneti yomwe yasowa." Ena ndi a m'maofesi ang'onoang'ono m'tauni muno omwe akufuna kaseva kosungirapo mafayilo. Yankho limakhala lomwelomwelo, ndiye ndalilemba pano kamodzi. Zambiri ndi za VirtualBox pa laputopu ya Windows poti ndi zomwe ambiri ali nazo. A VMware ndi a KVM, zanu zili cha kumapeto, koma werengani gawo 5 chifukwa likukhudza aliyense.

Ndikamati host ndikunena kompyuta yeniyeni yomwe mukuigwira ndi manja. VM ndi kompyuta yomwe ikuyenda m'kati mwa host, ndipo VirtualBox, VMware ndi KVM ndi mapulogalamu oyendetsera ma VM.

1. Yambani mwadzifunsa ngati mukufunikadi Bridged

VM yatsopano mu VirtualBox imabwera ili pa NAT. Pa NAT, VM imapatsidwa adiresi 10.0.2.15, ndipo geti yake yotulukira, yomwe pa sikirini imalembedwa kuti gateway, imakhala 10.0.2.2. Ili ngati munthu wochita lendi kuseri kwa nyumba ya landilodi: amatuluka pa geti ya landilodi, koma mlendo wodutsa mumsewu sadziwa kuti kuseriko kuli munthu. Bridged imapatsa VM geti yakeyake yoyang'ana kumsewu. Rauta imaiona ngati kompyuta ina yapayokha, ndipo foni kapena laputopu iliyonse ya pa netiweki imeneyo ingathe kuipeza.

Chomwe ambiri samachigwira ndi ichi: pa Bridged, adiresi ya VM sichokera ku VirtualBox ndipo sichokera ku host. Imachokera ku rauta, MiFi kapena foni yomwe ikugawa intaneti. Ngati chipangizo chimenecho chakana kupereka adiresi, kapena chazima, palibe batani la mu VirtualBox lomwe lingakuthandizeni.

Choncho sankhani motere. Ngati mukungofuna intaneti mu VM, khalani pa NAT. Ngati mukufuna host yokha izilankhula ndi VM, mwachitsanzo kulowamo ndi SSH (njira yolemberamo malamulo muli pa kompyuta ina) kapena kuona webusayiti yanu pa Chrome ya pa Windows, onjezani adaputa yachiwiri ya Host-only, NAT isiyeni momwe ilili. Bridged ndi ya pomwe zipangizo zina, foni, laputopu ya mnzanu, pulinta, zikuyenera kuifikira VM.

2. Lembani papepala za netiweki yomwe host ilipo

Tsegulani Command Prompt mulembe:

`ipconfig /all`

Mndandanda ukhala wautali chifukwa muli maadaputa ena omwe sakugwira ntchito. Fufuzani yomwe ili ndi Default Gateway yodzaza. Lembani zinthu zinayi: dzina lomwe lili pa Description, IPv4 Address, Subnet Mask, ndi Default Gateway. Pa MiFi kapena rauta ya Huawei kawirikawiri muona 192.168.8 kutsogolo, gateway ili 192.168.8.1. Marauta ena amayamba ndi 192.168.0 kapena 192.168.1. Hotspot ya iPhone imapereka 172.20.10, pomwe mafoni akale a Android ankapereka 192.168.43, atsopanowa amasinthasintha manambala, zomwe zimavutitsa mukafuna adiresi yokhazikika.

Subnet Mask ikakhala 255.255.255.0, ndiye kuti VM ikalumikizika bwino manambala atatu oyambirira a adiresi yake afanana ndi a host, lomaliza lokha ndi lomwe lisiyane. Pepalali mulifuna mpaka kumapeto.

3. Sinthani adaputa ya VM

Zimitsani VM kwathunthu, osati Save State. Kenako Settings, Network, Adapter 1. Chongani Enable Network Adapter. Pa Attached to sankhani Bridged Adapter. Pa Name sankhani dzina lomwe munalemba papepala lija.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya koyamba. VirtualBox imangoika adaputa yomwe yaipeza poyamba, ndipo nthawi zambiri imakhala ya chingwe, monga Realtek PCIe GbE, pomwe inu muli pa Wi-Fi. VM ikamangiriridwa ku adaputa yopanda chingwe sipeza kanthu. Komanso VirtualBox sisamuka yokha: mukachoka ku ofesi komwe munali pa chingwe n'kukafika kunyumba ku Matawale komwe muli pa MiFi, mukuyenera kubwerera pa Name n'kusintha nokha.

Pa Advanced, Adapter Type isiyeni pa Intel PRO/1000 MT Desktop, chifukwa Windows ndi Linux zonse zimaidziwa. Ngati VM ndi ya Linux mungasankhe virtio-net, imathamanga kuposa. Promiscuous Mode isiyeni pa Deny. Anthu amakonda kuiika pa Allow All poganiza kuti ithetsa vuto la adiresi, koma ntchito yake ndi ya omwe akufuna kuona mapaketi (tizidutswa ta mauthenga a pa netiweki) a makina ena kapena omwe ali ndi ma VM ena m'kati mwa VM. Onetsetsani kuti Cable Connected ndi yochonga.

Ngati pa Name palibe dzina lililonse, kapena VM ikukana kuyaka n'kulemba VERR_INTNET_FLT_IF_NOT_FOUND, vuto lili pa driver wa Windows. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `ncpa.cpl`, dinani kumanja pa adaputa yanu, Properties. Pa mndandandawo payenera kukhala VirtualBox NDIS6 Bridged Networking Driver yochonga. Ngati ilipo, ichotseni chongacho, OK, kenako chonganinso, ndipo muchite Disable ndi Enable pa adaputayo. Ngati palibe, ikaninso VirtualBox ngati Administrator ndipo musachotse gawo la Bridged Networking ikamakufunsani zoika. Izi zimachitika kwambiri Windows ikangomaliza update yaikulu, kapenanso mukalumikiza adaputa yatsopano ya USB.

Okonda kulemba malamulo angachite zomwezi motere:

```
VBoxManage list bridgedifs
VBoxManage modifyvm "seva" --nic1 bridged --bridgeadapter1 "dzina la adaputa"
```

Dzinalo likopereni ndendende momwe lamulo loyambalo lalionetsera.

4. Yatsani VM muone adiresi yomwe yalandira

Mu Linux lembani `ip a` ndi `ip route`. Adaputa yoyamba pa Ubuntu imatchedwa enp0s3, pa Kali Linux eth0. Mu VM ya Windows ndi `ipconfig`. Chomwe muone chikuuzani komwe vuto lili.

Mukaona adiresi yofanana ndi ya papepala, mwachitsanzo host ili 192.168.8.101 ndipo VM ili 192.168.8.103, zatheka, dumphani mupite gawo 6.

Mukaonabe 10.0.2.15, VM ikusungabe adiresi yakale ya NAT. Iyambitseninso, kapena pa Ubuntu Server lembani `sudo netplan apply`. Pa Windows ndi `ipconfig /release` kenako `ipconfig /renew`.

Mukaona adiresi yoyamba ndi 169.254, kapena osaona IPv4 iliyonse, ndiye kuti VM inapempha adiresi koma palibe anaiyankha. Windows ikasowa woiyankha imadzipatsa yokha nambala ya 169.254, ndipo nambala imeneyo sikufikitsani pa intaneti. Ngati muli pa chingwe, onaninso Name, ndipo funsani oyang'anira netiweki ngati switch yawo, bokosi lomwe zingwe za netiweki zimakumanapo, imalola makina oposa amodzi pa port imodzi. M'maofesi ena port imadzitseka ikaona MAC (nambala yachibadwa ya adaputa) yachilendo, ndipo host yomwe imataya intaneti. Ngati muli pa Wi-Fi, werengani gawo lotsatirali mofatsa.

5. Wi-Fi, pomwe pagona nkhani

Malangizo ambiri amathera poti sankhani Bridged, dinani OK. Amalembedwa ndi anthu omwe ali pa chingwe. Kuno ambirife tili pa MiFi ya Airtel kapena ya TNM, pa hotspot ya foni, kapena pa Wi-Fi yogawana nyumba yonse monga zimakhalira m'mahositelo a ku Chikanda. Pa Wi-Fi, Bridged imayenda mwanjira ina.

Adaputa iliyonse ili ndi nambala yake yachibadwa yotchedwa MAC. Ya VM ya VirtualBox imayamba ndi 08:00:27. Pa chingwe, laputopu ingathe kutumiza mapaketi okhala ndi MAC yake komanso ena okhala ndi MAC ya VM, switch n'kungophunzira kuti pa port imeneyi pali makina awiri. Pa Wi-Fi sizili choncho. Laputopu ikamalowa pa Wi-Fi imadzilembetsa kwa rauta ndi MAC imodzi, ndipo makiyi obisira mauthenga amapangidwira MAC imeneyo. Paketi yochokera ku MAC ina yomwe sinalembetse, rauta imaitaya.

VirtualBox imazemba vutoli mochenjera. Paketi ya VM ikamatuluka, imafufuta MAC ya VM pamwamba pake n'kulembapo ya host. Yankho likabwera, imayang'ana adiresi ya IP kuti idziwe ngati ndi la host kapena la VM. Rauta imaona MAC imodzi yokhala ndi maadiresi awiri. Marauta ambiri a m'nyumba salabadira zimenezi ndipo zonse zimayenda. Koma pempho la adiresi, lomwe ndi DHCP, limanyamula MAC ya VM m'kati mwake pomwe pamwamba pali ya host. Zipangizo zina zikaona kusagwirizanaku zimangokhala chete, zina zimapatsa VM adiresi yomweyo ya host n'kuyambitsa mkangano wa maadiresi, ndipo netiweki zikuluzikulu zili ndi chitetezo choikidwa dala chokana MAC imodzi kukhala ndi maadiresi awiri.

Kuti mudziwe kuti mwakumana ndi chiti, ipatseni VM adiresi pamanja kwa kanthawi. Tinene kuti host ili 192.168.8.101, gateway 192.168.8.1. Pa host, yesani kaye `ping 192.168.8.50` kuti muone ngati nambalayo ilibe mwini. Kenako mu VM:

```
sudo ip addr add 192.168.8.50/24 dev enp0s3
sudo ip link set enp0s3 up
ping 192.168.8.1
```

Gateway ikayankha, ndiye kuti njira ilipo, chomwe chikukanika ndi DHCP chokha. Mankhwala ake ndi adiresi yokhazikika ya mu gawo 7. Ikapanda kuyankha pomwe host ikutha kuichita ping gateway yomweyo, rauta ikukana VM, ndipo musatayenso nthawi kusinthasintha Adapter Type.

Pali vuto lachitatu lomwe limasokoneza chifukwa chilichonse chimaoneka ngati chili bwino. VM yalandira adiresi, intaneti ikugwira, host ikuiona VM, koma foni ya mnzanu siikuipeza. Yesani foniyo ngati ikutha kuipeza host yeniyeniyo. Ngati nayonso sikupezeka, rauta yayatsa AP isolation, ena amalemba client isolation, yomwe imaletsa zipangizo za pa Wi-Fi imodzi kuonana. Host ndi VM zikuonana chifukwa mauthenga awo sadutsa pa rauta, amathera m'kati mwa laputopu. Ngati rauta ndi yanu, lowani pa adiresi ya gateway mu browser muizimitse. Ngati ndi ya pa lodge, ya pasukulu kapena ya landilodi, si yanu yoti musinthe.

Wi-Fi yofunsa dzina ndi password ya munthu payekha, kapena yotsegula tsamba loti mulowe musanayambe kugwiritsa ntchito intaneti, nayonso nthawi zambiri siigwirizana ndi Bridged. Modemu ya USB yomwe Windows imaiona ngati Cellular kapena Mobile Broadband, imeneyo iwalani, kampani ya foni imapereka adiresi imodzi yokha pa SIM.

Zikakanika, njira zake ndi izi, kuyambira yomwe ndimalimbikitsa.

Yoyamba, chingwe. Ngati rauta ili ndi port ya LAN, chingwe cha mamita awiri chithetsa vuto la MAC lomwe ndafotokozali. Laputopu yopanda port ya chingwe igulireni kaadaputa ka USB to Ethernet. Zipangizo zina zingakhalebe pa Wi-Fi, zidzaipeza VM ngati isolation siikuziletsa.

Yachiwiri, bwererani ku NAT muike Port Forwarding. Ambiri omwe amalimbana ndi Bridged akufuna chinthu chimodzi chokha, kuti anzawo atsegule webusayiti ya mu VM, ndipo izi zimatheka popanda Bridged. Pa Advanced dinani Port Forwarding, onjezani lamulo: Protocol TCP, Host Port 8080, Guest Port 80, malo a IP muwasiye opanda kanthu. Onjezaninso 2222 kupita ku 22 ngati mukufuna SSH. Anzanu azilemba adiresi ya host, mwachitsanzo `http://192.168.8.101:8080`. Muyenera kutsegula port 8080 pa firewall ya Windows. Njirayi imagwira pa Wi-Fi iliyonse yomwe ilibe isolation.

Yachitatu, kaadaputa ka Wi-Fi ka USB koperekedwa kwa VM yokha. Pa Settings, USB, onjezani kaadaputako, ndipo VM idzilowera yokha pa Wi-Fi ndi MAC yeniyeni. Kuyambira VirtualBox 7.0, USB 2.0 ndi 3.0 zimabwera zili momwemo. Pa zakale mukufunika Extension Pack. Musanagule, fufuzani ngati Linux ili ndi driver wa kaadaputako, chifukwa totchipa tina timavuta.

Yachinayi, karauta kanu kakang'ono komwe kali ndi client mode kapena WISP. Kamalowa pa hotspot kapena pa Wi-Fi ya eni ake ngati chipangizo chimodzi, kenako kamapanga netiweki yanuyanu kumbuyo kwake. Kwa gulu la pulojekiti lomwe likukumana m'chipinda chimodzi, iyi ndi yabwino chifukwa maadiresi sasintha ngakhale lero mugwiritse foni ya uyu, mawa ya uyo.

6. Yesani mwadongosolo, ndipo musafulumire kuimba mlandu Bridged

Kuchokera mu VM: ping gateway, kenako `ping 8.8.8.8`, kenako ping dzina la webusayiti iliyonse. Ziwiri zoyamba zikatheka chachitatu n'kukanika, vuto ndi DNS, yomwe imasandutsa dzina la webusayiti kukhala adiresi. Kenako kuchokera pa host chitani ping VM, ndipo kuchokera mu VM chitani ping host.

Yomalizayi imakanika kwa pafupifupi aliyense, ndipo si chizindikiro choti Bridged yafa. Firewall ya Windows siyankha ping pokhapokha mutailola. Tsegulani Windows Defender Firewall with Advanced Security, Inbound Rules, fufuzani lamulo la File and Printer Sharing lomwe lili ndi mawu akuti Echo Request - ICMPv4-In, muliyatse pa mtundu wa netiweki womwe mulipo. Onaninso ngati Windows yaika Wi-Fi yanu pa Public. Ya kunyumba kwanu iikeni pa Private. Kuzimitsa firewall yonse kuchiteni kwa mphindi imodzi poyesa basi, kenako muiyatsenso.

Ping ikuyenda koma webusayiti sikutseguka? Mu VM lembani:

`ss -tlnp`

Mukaona 127.0.0.1:8000, pulogalamu yanu ikumvetsera VM yokhayo, wakunja sangaifikire. Iyenera kuonetsa 0.0.0.0 kapena nyenyezi. Django iyatseni ndi `python manage.py runserver 0.0.0.0:8000` ndipo muike adiresi ya VM mu ALLOWED_HOSTS. Laravel ndi `php artisan serve --host=0.0.0.0`. Flask ndi `flask run --host=0.0.0.0`. MySQL pa Ubuntu imabwera ndi bind-address ya 127.0.0.1 mu fayilo ya /etc/mysql/mysql.conf.d/mysqld.cnf. Apache ndi Nginx zimamvetsera paliponse kuyambira pachiyambi. Pomaliza onani `sudo ufw status`. Ngati yayaka, tsegulani port yanu, mwachitsanzo `sudo ufw allow 80/tcp`.

7. Adiresi yokhazikika, ndi zomwe zimachitika magetsi akathima

Marauta ang'onoang'ono ambiri akazima amaiwala yemwe anamupatsa nambala iti. Magetsi akabwera, yemwe wayamba kupempha ndi yemwe amatenga nambala yoyamba, ndipo seva yanu yomwe dzulo inali .103 lero yakhala .105. Seva imafunika nambala yosasintha.

Lowani mu rauta muone malire a manambala omwe DHCP imagawa. Za Huawei zambiri zimagawa kuyambira .100 mpaka .200. Sankhani nambala ya kunja kwa malirewo, monga .50. Ngati muli pa chingwe mungathenso kuuza rauta kuti isungire MAC ya VM nambala inayake, koma pa Wi-Fi njira imeneyo ndi yosadalirika pa chifukwa cha MAC chomwe tafotokoza kale.

Pa Ubuntu Server pangani fayilo yatsopano, /etc/netplan/99-seva.yaml:

```
network:
  version: 2
  ethernets:
    enp0s3:
      dhcp4: false
      addresses:
        - 192.168.8.50/24
      routes:
        - to: default
          via: 192.168.8.1
      nameservers:
        addresses:
          - 192.168.8.1
          - 8.8.8.8
    enp0s8:
      dhcp4: true
```

Mipata ya kutsogolo kwa mzere uliwonse ikhale ya space, osati Tab, ndipo iyende iwiriiwiri monga mukuonera. Nambala 99 ikuchititsa kuti fayiloyi iwerengedwe pomaliza n'kupambana yomwe inabwera ndi Ubuntu. Kenako `sudo chmod 600 /etc/netplan/99-seva.yaml` ndi `sudo netplan try`. Lamuloli limakupatsani masekondi 120 kuti mudine Enter; mukapanda kudina limabweza zakale, zomwe zimakupulumutsani ngati mwalowa ndi SSH ndipo mwalakwitsa nambala.

Mzere wa enp0s8 ndi wa adaputa yachiwiri, ndipo ndikukulangizani kuti muiike ngakhale Bridged ikuyenda bwino. Chifukwa chake ndi ichi: rauta ikazima, adaputa ya host imataya adiresi yake, ndipo host ndi VM zimasiya kulankhulana ngakhale zonse zili mu laputopu imodzi yomwe batire yake ili yodzaza. Munthu amasiya ntchito pakati chifukwa cha rauta yomwe ili kuchipinda china. Zimitsani VM, tsegulani Adapter 2, sankhani Host-only Adapter. Host imakhala 192.168.56.1, VM imalandira kuyambira 192.168.56.101. Pa ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, SSH ndi zina, gwiritsani nambala imeneyi. Ya Bridged isiyireni alendo. Ngati simunaike Adapter 2, chotsani mizere iwiri yomalizayo.

Kumbukirani kuti adiresi yokhazikika ndi ya netiweki imodzi. Mukapita ndi laputopu komwe maadiresi amayamba ndi 192.168.1, VM ya 192.168.8.50 ikhala yosokera mpaka mutasintha fayiloyo.

8. VM yokopera kwa mnzanu

M'kalasi, munthu mmodzi amaika VM n'kuigawira anzake pa flash. Pa NAT palibe vuto. Onse akapita pa Bridged pa rauta imodzi, amapezeka ali ndi MAC yofanana, ndipo netiweki imayamba kudukaduka mosadziwika bwino. Pa Advanced dinani kachizindikiro ka mivi yozungulira pafupi ndi MAC Address kuti mupeze yatsopano. Pochita Clone kapena Import, sankhani kuti ipange MAC zatsopano pa maadaputa onse.

Ubuntu Server ili ndi msampha wachiwiri. Ngakhale MAC zisiyane, ma VM awiri angalandirebe adiresi imodzi, chifukwa popempha adiresi Ubuntu imadzidziwitsa ndi nambala yochokera mu /etc/machine-id, yomwe inakoperedwa pamodzi ndi china chilichonse. Mu fayilo ya netplan, pa adaputa iliyonse yomwe ili ndi `dhcp4: true`, onjezani pansi pake mzere wa `dhcp-identifier: mac`, kenako `sudo netplan apply`.

9. Zomwe Bridged imasintha pa chitetezo

Firewall ya Windows siteteza VM yomwe ili pa Bridged, ndipo VPN ya pa host siiphimba. Aliyense wa pa Wi-Fi imeneyo angayese kulowa. Password ya 1234 yomwe munaika mwachangu poika Ubuntu, isintheni. Ma VM opangidwa dala kuti akhale ofooka pophunzirira, monga Metasploitable, asakhale pa Bridged.

Chenjezo lalikulu lipite kwa omwe akuphunzira Windows Server kapena pfSense. Mukayatsa DHCP mu VM yomwe ili pa Bridged, iyamba kugawa maadiresi kwa mafoni ndi makompyuta a nyumba yonse kapena ofesi yonse, ndi gateway yolakwika, ndipo anthu ataya intaneti mmodzimmodzi osadziwa chifukwa. Zoyeserera zotere zichitikire pa Internal Network. Chimodzimodzi Kali: kufufuza makina a eni ake ndi nmap pa netiweki yomwe si yanu kungakuikeni m'mavuto ndi oyang'anira, ndipo kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016.

Bridged sikutanthauzanso kuti munthu ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe angaifikire VM yanu. Adiresi ya 192.168 imathera pa rauta yanu. Makampani a foni kawirikawiri amagawitsa adiresi imodzi ya pa intaneti kwa makasitomala ambiri, moti ngakhale Port Forwarding ya pa MiFi siithandiza. Pamenepo mukufunika VPN kapena tunnel, yomwe ndi nkhani ina. Ndipo ngati muli pa bandulo, dziwani kuti Metered connection yomwe munaika pa Windows VM siimva. Idzayamba kutsitsa ma update ake ikangopeza intaneti.

10. VMware ndi KVM

Pa VMware Workstation, Bridged ndi VMnet0, ndipo imabwera ili pa Automatic. Automatic imeneyi imatha kugwira adaputa ya VPN kapena ya VirtualBox m'malo mwa yeniyeni. Pitani pa Edit, Virtual Network Editor, Change Settings, VMnet0, ndipo pa Bridged to sankhani adaputa yanu ndi dzina. Mu `ncpa.cpl` chomwe muyang'ane ndi VMware Bridge Protocol.

Pa KVM, bridge mumamanga nokha pa host ya Linux, ndipo netiweki yomwe imabwera kale, virbr0 ya 192.168.122, ndi NAT ngakhale dzina lake likumveka ngati bridge. Pa host yomwe ili ndi NetworkManager, tinene kuti adaputa ya chingwe ndi enp3s0:

```
sudo nmcli con add type bridge ifname br0 con-name br0
sudo nmcli con modify br0 bridge.stp no
sudo nmcli con add type bridge-slave ifname enp3s0 master br0
sudo nmcli con down "Wired connection 1"
sudo nmcli con up br0
```

Chitani izi muli pa kiyibodi ya makinawo, osati pa SSH, chifukwa mzere wachinayi udula netiweki. Adiresi ya host tsopano ikhala pa br0, enp3s0 ikhala yopanda adiresi, ndipo ndi momwe ziyenera kukhalira. STP, yomwe imaletsa mapaketi kuzungulirazungulira mu netiweki, tikuizimitsa pa mzere wachiwiri chifukwa ikayaka bridge imadikira masekondi pafupifupi 30 isanayambe kudutsitsa mapaketi, ndipo DHCP ya VM imatha kutopa kudikira. Mu virt-manager, pa Network source sankhani Bridge device mulembe br0.

Adaputa ya Wi-Fi Linux imakana kuiika mu bridge, imayankha kuti Operation not supported, poti ilibe kachenjerero kosintha MAC ka VirtualBox kaja. Macvtap, njira ina ya pa Network source, imaoneka yachidule ndipo pa chingwe makina ena amaipeza VM, koma host yokha siingathe kulankhula nayo.

Ngati pa host pomwepo pali Docker ndipo VM sikulandira adiresi ngakhale br0 ili bwino, yang'anani `sudo iptables -L FORWARD`. Docker imaika lamulo la FORWARD pa DROP, ndipo mapaketi a pa bridge akamadutsa mu iptables amafera pamenepo. Aloleni ndi:

`sudo iptables -I DOCKER-USER -i br0 -o br0 -j ACCEPT`

Lamuloli limafufutika makina akayambiranso, ndiye liikeni mu kafayilo ka systemd komwe kazidzuka Docker ikatha kuyaka.